A Makwinja ndi napolo wa sinowo

Lamulungu lapitali kutchalitchi anatchula dzina la a Makwinja m'mapemphero, poti chaka chakwana chimwalirireni. Anthu anayankha ameni, kwaya n'kupitiriza nyimbo yake. Ine ndinalephera kuimirira. Ndinakhala pabenchi ndikulira ngati maliro achitika dzulo, mpaka mayi wina wa kuno, amene sindimudziwa n'komwe, anandigwira paphewa n'kundipepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, ndugu." Ndiye ndati ndilembe za mkuluyu, chifukwa Amalawi amene akufika ku Nairobi masiku ano akungomva zoti ku Ngong, kufupi ndi mzindawu, kunali nkhalamba ina yozungulira mutu, imene inkaphunzitsa anthu za sinowo, chipale chofewa chija, mumzinda umene sinowo sigwa. Mutu wawo unali bwinobwino, ndipo anali ndi chifukwa.

Chifukwacho chinali Yamikani, mwana wawo wamwamuna, amene anakwiriridwa ndi sinowo m'mapiri a ku Switzerland. Kuyambira pamenepo mpaka tsiku limene anatsikira kuli chete, a Makwinja ankafuna chinthu chimodzi basi: kuti mwana wawo wamkazi wotsalayo, Tadala, adzawayang'ane m'maso n'kuwauza kuti ayi. Ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo, koma mundipirire.

Ndinawadziwa nditangofika kuno kudzayamba ntchito. Nthawi imeneyo Mmalawi aliyense wobwera kumene ankapita naye ku Ngong kukamuonetsa kwa a Makwinja, ngati kuti kumeneko n'kumene ankadinda mapasipoti. Kwawo kunali ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi. Anagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe lina lotumiza chakudya kumadera a njala, ndipo atapuma anakana kubwerera kumudzi, ati mapiri a Ngong akuwakwanira. Anali aatali, ochepa thupi, ndipo jekete sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tsiku loyambalo ndinawapatsa moni dzanja lina lili m'thumba. Anasiya dzanja langa lili m'malere n'kundifunsa kuti, "M'thumbamo muli chiyani, achimwene, choti simungachisiye pang'ono?" Ndinachita manyazi ngati mwana wa sitandade wani.

Umenewo ndiwo unali mtima wawo kale. Akazi awo anamwalira ana adakali aang'ono, ndipo a Makwinja analera awiriwo okha, ndi dzanja lolimba. Tadala ankagwada popereka madzi, ngakhale kwa alendo a msinkhu wake. Yamikani sankakhala pampando mkulu ali chiimire. Bambo awo ankakonda kunena kuti mwana wokulira kunja akhoza kuiwala Chichewa, koma asaiwale kuti ali ndi mawondo. Ankatinso mkulu akalakwitsa njira, mwana amangotsatira, zokonzazo n'kudzachita mwakachetechete mkuluyo asakuona. Anzathu a ku Kenya ankabwera ndi ana awo kudzaonera ulemu wa m'nyumba imeneyo. Ife Amalawi tinkanyadira ngati anawo tinalera ndife.

Koma amene anawadziwa m'zaka zomaliza anadziwa munthu wina. Loweruka m'mawa unkawapeza kuseri kwa nyumba, pamulu wa mchenga umene anagula dala, atayala zida zitatu pansalu: fosholo yopinda, ndodo yaitali yopisira, ndi kachipangizo konga kawailesi kamene munthu amakavala pachifuwa kuti akakwiriridwa anzake amulondole. Mnyamata kapena mtsikana aliyense wa Chimalawi amene wapeza sukulu kapena ntchito kudziko lozizira ankamuitanitsa, afune asafune. Ena ankati, "Koma agogo, ine ndikungopita kukawerenga, za maskizo ine ayi." Iwo ankayankha kuti Yamikani nayenso anangopita kukagwira ntchito mu ofesi.

Maski, timatabwa tija amamangirira kumapazi potsetsereka pasinowo, iwo sanavalepo chibadwire. Sinowo anaiponda kamodzi kokha, ulendo umene anapita kukatenga mtembo. Zonsezo anaziphunzira pambuyo pake, powerenga, poonera pakompyuta, ndi poimbira foni anthu opulumutsa anzawo m'mapiri mpaka anthuwo kutopa nawo. Kugumuka kwa sinowo ankakutcha napolo. Anakulira kumene phiri likamwa mvula yambiri limasanza matope ndi miyala, ndiye dzina lina analibe. Kusiyana kwake, ankatero, n'koti napolo wa kwathu amabwera yekha, pomwe wa sinowo nthawi zambiri amaputidwa ndi munthu yemweyo amene amuphe.

Ankafotokoza mofatsa, akujambula ndi chala pamchenga. Sinowo imagwa mosanjikizana, ndipo yagwa dzulo sikuti nthawi zonse imagwirana ndi ya sabata yatha. Mphepo ikaiunjika mbali imodzi ya phiri, pamwamba pamalimba koma pansi pamakhala poyoyoka ngati shuga. Munthu ukapondapo, chigawo chonsecho chimathyoka n'kutsetsereka nawe. Phiri limachenjeza, ankatero. Umaona mng'alu ukuthamanga kutsogolo kwa maski ako, kapena umamva pansi pakuti fuu, ngati nthaka yausa moyo. Ukamva zimenezo bwerera, usafunse munthu. Napoloyo akaima, sinowo imauma gwa, osatheka kugwedeza ngakhale chala, ndipo mpweya suchedwa kutha. Wokufukula ndi mnzako amene uli naye pompo. Helikopita, ankatero akuyang'ana kumbali, imabwera kudzatenga mtembo.

Akatha pamenepo ankakwirira kachipangizo kaja mumchenga n'kuwauza anawo kuti akafunefune ndi kanzake, apise ndi ndodo, akumbe. Koma phunziro lenileni linali lomaliza. Ankapita nawo pamtunda wa kuseri kwa tauni, pamene mphepo ya ku Ngong imafuna kukuvula malaya. Ankaloza malo otsetsereka n'kunena kuti apo pali mng'alu, ndipo pansi palira. Kenako ankawongola jekete n'kulamula ndi mawu awo akale aja kuti, "Tiyeni, tiwolokere pomwepa. Nditsateni." Ndinaonerera tsiku lina akuchita zimenezi ndi mtsikana wina wopita ku Norway. Mtsikanayo anangoti, "Chabwino, agogo," n'kuyamba kuwatsata.

"Wafa!" anakuwa a Makwinja. "Iwe wafa! Ndakuuza ndekha kuti pali mng'alu. Ukunditsatiranji?"

"Poti mwanena ndinu, agogo."

"Ndiye imvi zangazi zigwira phiri kuti lisagwe? Bwerera. Tiyambirenso."

Anabwereza mpaka mtsikanayo anakwanitsa kunena kuti sapita, maso ali pansi. A Makwinja anamuuza kuti akweze maso, anenenso. Ankati paphiri palibe mkulu, ndipo wamantha kuposa onse ndiye mfumu ya ulendo.

Sindikuti anali munthu wosavuta. Ankatopetsa. Kungonena kuti ku Limuru kwazizira lero, basi waputa nkhani ya napolo mpaka tiyi kuzizira. Kumaukwati anthu ankasinthana mipando mochenjera kuti asayandikane nawo. Ndipo anakangana koopsa ndi a Gondwe, mkulu wa mpingo, amene mwana wawo anadutsa m'manja mwa a Makwinja n'kuyamba kutsutsa bambo ake patebulo. Nkhaniyo inaphulika pachikondwerero china cha Amalawi, anthu ali ndi mbale m'manja.

"A Makwinja, mukutiwonongera ana," anatero a Gondwe. "Kale munkatiphunzitsa ulemu ndinu. Lero mwatsegula sukulu ya mwano? This is not right, bambo."

"Wanuyo wakubwezerani mawu, eti?"

"Pamaso pa alendo!"

"Ndiye kuti ali moyo. Wanga sanandibwezerepo ngakhale tsiku limodzi."

A Gondwe anaika mbale pansi n'kuchoka, ndipo awiriwo anatha nthawi yaitali akungopatsana moni wa mutu. Ine ndinali mbali ya a Makwinja ndipo ndidakali komweko, kaya a Gondwe adzawerenga izi. Ndinali mbali yawo chifukwa ndinalipo tsiku limene zonsezi zinayamba.

Yamikani ankagwira ntchito ku Geneva. Kumeneko anaphunzira kutsetsereka pa maski, ndipo atazolowera anayamba kupita kunja kwa njira zokonzedwa, kumene munthu amakwera phiri ndi miyendo yake n'kutsikira m'sinowo yosapondedwa. Sanali wosasamala. Anachita maphunziro a za napolo, zida zonse anali nazo. Anapezanso mtsikana wa komweko, Lena, ndipo za ukwati zinali zitayamba kukambidwa. Tsiku la ngoziyo anapita kuphiri awiri okha ndi bambo ake a Lena, a Anton, munthu wachikulire amene anakulira m'mapiri amenewo. Unali ulendo wawo woyamba kuyenda limodzi, ndipo Yamikani anali atayamba kale kuwatcha apongozi.

Patapita miyezi ingapo titaika maliro, a Anton anabwera ku Nairobi kudzapepesa. A Makwinja anandipempha kuti ndikawatenge kuhotela ndiponso ndikhale nawo, poti mlendo wotere sumulandira wekha. Anali masana, dzuwa likulowera pawindo la pabalaza. Tadala anabweretsa tiyi, anagwada, n'kukakhala pakona. A Anton anali munthu wamkulu thupi. Analankhula m'Chingerezi, pang'onopang'ono.

Anati sinowo inali itagwa yambiri masiku am'mbuyomo, ndipo mphepo inawomba. Atafika pamalo oti awoloke, pansi panalira kamodzi. Yamikani anaima. Anapisa ndodo yake m'sinowo, anayang'ana kumtunda nthawi yaitali. A Anton anamuuza kuti malo amenewo anawolokapo kambirimbiri, sipanagumukepo. Mnyamatayo sanayankhe. Anangoweramitsa mutu, kenako n'kupempha kuti atsogole iyeyo, kuti munthu wamkulu asavutike kuswa njira. Sanapite patali. Phiri linathyoka kumtunda kwake, ndipo a Anton anangoona jekete lofiira likuzimirira. Anamulondola ndi kachipangizo kaja, anakumba okha, nkhalamba, mpaka manja kuchita magazi. Pomwe ankafika pankhope yake n'kuti zitatha.

"Lena anandiuza pambuyo pake," anatero a Anton, "kuti m'mawa umenewo Yamikani anaona chenjezo la tsikulo ndipo mtima wake sunali m'malo. Anamuuza Lena, koma ine ayi. Kulakwa ndi kwanga, ndine ndinasankha njira. Koma sindigona, ndimadzifunsa. Bwanji sanandiuze? Akanangoti ayi, tikanabwerera. Kwathu wina akakayika, tonse timabwerera." Anapukuta m'maso, kenako anawonjezera mawu amene ankaganiza kuti ndi otonthoza. "Sindinaonepo mnyamata waulemu ngati ameneyo. Munamulera bwino kwambiri."

Ndinayang'ana a Makwinja. Nkhope yawo sinasinthe, koma dzanja linali litagwira mpando ngati kuti nyumba ikupendekeka. Kenako analankhula m'Chichewa, chimene mlendoyo sankamva.

"Ndinamuletsa ndine."

Mlendo atapita, Tadala anagwada kuti atolere makapu. Bambo ake anamuuza kuti adzuke. Iye anazengereza, osamvetsa. "Ndati dzuka. Usadzandigwadirenso." Tadala anati, "Chabwino, bambo," n'kudzuka. Ndinaona a Makwinja akutseka maso, chifukwa anazindikira pomwepo msampha umene anali atadzitchera. Mwanayo anadzuka chifukwa chouzidwa. Munthu sungalamule mwana kuti akukanire, poti akakana ndiye kuti wakumveranso.

Chodabwitsa n'choti Tadala kunja sanali wofooka. Ankayang'anira ntchito ya madzi ku Kibera, ndipo amuna akuluakulu ankamuopa. Ndinamumvapo akukalipira munthu pafoni m'Chiswahili mpaka ine ndemwe kuchita mantha. Koma akangolowa pageti la ku Ngong ankasanduka kamwana. Ana a eni ake ankaphunzira kukana pamtunda paja n'kumapita, koma iye ayi. A Makwinja anayamba kumuputa dala. Ankamutuma ku Eastleigh nthawi imene magalimoto athithikana, kuti akagule chinthu chimene chili pa shopu ya pakona, ndipo iye ankapita. Ankanena zabodza zoonekeratu patebulo, iye n'kungomwetulira. Zinkaoneka ngati zoseketsa mpaka pamene anafika pa nkhani ya chibwenzi.

Tadala anali ndi mnyamata wa kuno, munthu wofatsa, ndipo a Makwinja ankamukonda. Tsiku lina anauza mwana wawo kuti amusiye. Sanapereke chifukwa. Anaganiza kuti apa pokha, pa chinthu chimene mtima wake unali, mwanayo alimba. Tadala analira sabata yathunthu, kenako anathetsa chibwenzicho. A Makwinja anabwera kwanga atakwera matatu, minibasi ya kuno, chipewa chili m'manja, akulankhula ngati munthu amene wagunda mwana ndi galimoto. Anapita okha kwa mnyamatayo kukapepesa ndi kufotokoza. Mnyamatayo anawalandira mwaulemu, koma anati sangamange banja ndi munthu woti mawu amodzi a bambo ake akhoza kumuchotsa. Atamuuza Tadala kuti kunali kumuyesa chabe, iye sanakwiye. Anangoti, "Munanena ndinu, bambo." Ndikuganiza kuti zimenezi zinawakalambitsa kuposa matenda.

Matendawo anali a mtima, ndipo anawagoneka m'chipatala m'tauni. Sabata yomaliza ankapuma ndi thandizo la makina. Madokotala ananena mosabisa kuti akachoka pamenepo sangapirire msewu wa ku Ngong. Ine ndinapita kukawaona masana ena n'kupeza Tadala akuwapukuta kumaso. A Makwinja anali atatopa ndi khoma loyera lija.

"Tadala, longedza katundu. Tikupita kunyumba."

Tadala anapinda kansalu kaja bwinobwino, anakaika patebulo, n'kuima chilili pafupi ndi bedi.

"Ayi, bambo."

"Wati bwanji?"

"Ndati ayi. Simuchoka pano mpaka adokotala atalola."

"Mwanangu, uku si kuyesa. Ndikunena zoona. Ndikufuna ndikafere kwanga, ndikuona mapiri. Please."

"Ndikudziwa kuti si kuyesa. Koma mukafera panjira, mu jamu ya magalimoto, ine ndikuyendetsa. Ayi."

Ankawayang'ana m'maso, misozi ikutsika, koma sanagwetse nkhope. A Makwinja anamukalipira ndi mphamvu zochepa zimene anali nazo. Anamutcha wamwano, anamukumbutsa amene anamulera. Iye sanasunthe. Kenako mkuluyo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kulira kokha kapena munalinso kuseka. Atatembenuka anandikodola ndi chala.

"Mwamva, achimwene?"

"Ndamva, bambo."

"Mawu ochepa chonchi," anatero monong'ona. "Akanatero Yamikani."

Anamwalira patapita masiku ochepa, m'mawa, m'chipinda chomwecho. Tadala kunalibe. Dzulo lake madokotala anali atanena kuti zikuoneka ngati zikusintha, mwina sabata yotsatira akhoza kutuluka, ndiye iye anathamangira ku Ngong kukakonza nyumba. Foni inamupeza ali mumsewu pobwerera. Chimene chimandiwawa n'choti munthu uja anapeza chimene anachifuna zaka zonsezo, koma anachilipira ndi chinthu chomaliza chimene anapempha padziko.

Lamulungu lija titaweruka kutchalitchi ndinapita ku Ngong. Tadala amakhala yekha m'nyumbamo tsopano. Pokonzekera kubwera kwa bambo ake anali atatsitsa bedi lawo kuchokera kuchipinda cha m'mwamba, poti masitepe sakanawatha, n'kuliika pabalaza, moyang'ana windo lalikulu. Anasuntha mipando yonse kuti munthu atagona aziona mapiri osadzutsa mutu. Anagula mapilo atsopano ndi bulangete lochindikala la kuzizira kwa ku Ngong. Pambali anaika katebulo, pamwamba pake kapu ndi belu laling'ono loti aziliza akafuna kanthu. Zonsezo zili momwemo. Pabalazapo palibenso pokhala alendo, timangodzipanikiza m'mbali mwa khoma. Abusa anamulangiza kuti alichotse, amayi a mumpingo anayesa, ngakhale a Gondwe anabwera n'kulankhula naye mofatsa ngati mwana wawo.

Anandipatsa tiyi ali chiimire. Tonse tinkayang'ana pawindo, mitambo ikukwawa pamwamba pa mapiri. Kenako anandifunsa osandiyang'ana.

"Ankolo, ndinalakwa?"

M'malo moyankha ndinayamba kumuuza kuti chaka chakwana, mwina nthawi yafika yoti tithandizane kukweza bedilo m'mwamba, ayambe kukhala ngati munthu. Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Ayi, ankolo."

Sindinalimbikire. Pochoka ndinacheuka pakhomo. Dzuwa la madzulo linali litafika pamapilo, ndipo mphepo inkagwedeza katani pamwamba pa bedi loyalidwa bwino limene mwini wake sanabwerere kudzagonapo.